Kalabala

Sabata yachitatu mpopi wa m'bafa ukuyankhula wokha,
ndo, ndo, ndo,
m'beseni labuluu limene amayi anasiya.
Bilu ya madzi yabwera yonenepa ngati ya malo ogona alendo,
chonsecho m'nyumba muno tilimo awiri,
ine ndi bambo, kuno ku Luchenza, kuseri kwa njanji.

Ndinati ndiitane Mukhwapa, mnyamata wa mapaipi wa pamsika.
Bambo anandiyang'ana ndi diso lija
limene matenda analisiya lamoyo.
Zaka makumi atatu akumanga mipopi
m'nyumba za mabwana ku esiteti ya tiyi,
lero mwana wa eni adzawatsekere dontho pakhomo pawo?
Pakamwa panakhota chaka chatha, mawu amatuluka mowerenga.
Anangoloza kunsi kwa bedi.

Kabokosi kachitsulo, fungo la girisi ndi dzimbiri.
Sipanala yosalala pogwirira
ngati mwala wa mu Thuchila.
Ndinawakokera mpando pakhomo la bafa,
dzanja lawo lamanja lili phee pantchafu
ngati mlendo wosadziwa chinenero.

"Tseka kaye ku mita."
Ndinatuluka m'chiperoni, chitenje kumutu,
kufukula matope ndi zala mpaka ndinapeza chotsekera.
"Tsegula mpopi, ulavule zotsala."
Unatsokomola kawiri, n'kuleka.
"Kulunga kansanza pakhosi pake,
sipanala ingaulume.
Usalimbane nawo. Unyengerere."

Ine manja anga ndi a choko,
amadziwa kugawa manambala pabolodi basi.
Ndinakoka, unakana.
Ndinatukwana chamumtima, ndinakokanso,
kenako kwee, mazinga anagonja,
chigongono changa n'kukagunda khoma.
Bambo anayang'ana kudenga, ngati sanaone.

M'kati mwake ndinapeza kalabala kakuda,
kochepa ngati batani la malaya,
kong'aluka m'mbali,
kodyeka ngati chidendene cha nsapato ya wothyola tiyi.
Kanthu aka ndi kamene katigoneka maso masiku onsewa?
Ndinakaika m'dzanja lawo lamanzere.
Anakatembenuza ndi chala chachikulu nthawi yaitali.
"Ndinakaika ndine aka,
chaka chimene unapita ku koleji.
Kagwira ntchito."

Kuhadiweya anati saizi imeneyo inatha kalekale.
Koma pansi pa bokosi panali chidutswa cha lamba wa kufakitale,
chimene anasunga osauza munthu chifukwa chake.
Ndinajambula mkombero ndi bolopeni,
ndinadula ndi lezala, lilime lili kunja.
Koyamba kanatuluka ngati dzira.
Kachiwiri anakayang'ana pa kuwala kwa zenera,
n'kugwedeza mutu kamodzi.
Bowo ndinaboola ndi msomali wootcha pambaula.

"Bweza mmene unachotsera.
Usamange mopitirira, Nelia.
Womanga ndi mkwiyo ndiye amapha labala."

Nditatsegula ku mita paipi inabuula,
inasanza mpweya, kenako madzi ofiira,
kenako oyera.
Ndinatseka.
Dontho limodzi linalendewera pamlomo pa mpopi,
tonse awiri tili maso tong'o,
linatupa, linaganiza,
linagwa.
Tinadikira mnzake.
Sanabwere.

Bambo anaseka ndi theka la kamwa lomwe limamvera.
"Mukhwapa akanakudya zikwi zisanu."

Usiku nyumba inali zii
mpaka ndinamva achule a kudambo, omwe ndinawaiwala,
ndi bedi la kuchipinda kwawo likulira, likulira.
"Nelia, uli maso?"
"Ndili maso, bambo."
"Ndinkawerenga madontho aja kuti tulo tibwere.
Ndinkafika mazana atatu."
Sindinadziwe choyankha.
Beseni la amayi linali louma koyamba.

M'mawa pochapa ndinapeza kalabala kakale
m'thumba la malaya awo, pamtima,
pamodzi ndi chiphaso cha kuchipatala.
Ndinakabwezera momwemo malaya atauma.

Pomwa tiyi anakankha bokosi ndi phazi
mpaka linafika pamapazi anga.
"Loweruka tione wa kukhitchini."
"Sukudontha uja, bambo."
"Udzadontha."